Bwalo la Ogonjetsana: Za Mpikisano wa ADCC ndi Ziphona Zake

Mwa masewera onse amene ana a anthu adawatulukira kuti aziyesana mphamvu popanda kukhetsa mwazi, palibe ena amene chigamulo chake chimamveka bwino koposa awa a kulimbana kogonjetsana. Pakuti m'menemo munthu saponya nkhonya, samenya theche, ndiponso sagwira chida, koma agwira mnzake ndi manja ndi miyendo, namgwetsa, namkanikiza, kufikira atampana pakhosi kapena atampinda mfundo ya chiwalo, kotero kuti mnzakeyo, poona kuti chotsatira ndicho kukomoka kapena kuthyoka, agogoda ndi chikhatho pathupi la womgwirayo kapena pamphasa, ndipo pomwepo mlandu watha. Kunkhonya oweruza amatsutsana, ndipo kumpira anthu amabwerera kwawo akunena woyimbira; koma kuno wogonja adziweruza yekha, pamaso pa khamu, ndi dzanja lake lomwe. Ine ndikhulupirira kuti ulemu wonse wa masewerawa wagona pa kachizindikiro kameneka, ndipo ndi muyeso womwewo ndifuna kuyeza mpikisano wawo waukulu, malamulo ake, ndi amuna ndi akazi amene adamveka nawo.

Iye amene sanawaonepo ayenera kuyamba wadziwa kuti njira zogonjetsera munthu zili mitundu iwiri. Ina ndiyo ya pakhosi, imene kawirikawiri siitsekereza mpweya monga ambiri aganizira, koma ifinya mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi yopititsa magazi kuubongo, kotero kuti wokana kugonja agona tulo m'masekondi owerengeka, nadzuka osadziwa kumene ali. Ina ndiyo ya pamfundo, pamene chigongono, phewa, bondo kapena kakolo zikankhidwira kumene Mlengi sadazilenge kuti zipiteko. Kuti munthu afike pa njira zimenezi ayenera ayambe walanda malo, ndipo malo oposa onse ndiwo kumbuyo kwa mnzake, atamkola ndi miyendo m'chiuno, chifukwa kumeneko iye aona zonse pamene mnzakeyo saona kanthu. Chodabwitsa kwa mlendo nchakuti wogona chagada sayesedwa wogonja: malinga miyendo yake ikali pakati pa iye ndi wom'weramirayo, iye ali ndi linga, ndipo akatswiri ambiri amaphera nyama ali pansi pomwepo. Wophunzira aliyense, tsiku loyamba lomwe, amauzidwa kuti kugogoda si manyazi, poti mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Kulimbana nkwakalekale, ndipo amene adakulira m'Malembo akumbukira Yakobo pa dooko la Yaboki, amene adagwirana ndi mlendo usiku wonse nachokapo akutsimphina, ntchafu yake itaguluka. Koma kulimbana kumene tikunenaku kudachokera m'mitsinje ingapo imene idakomana posachedwapa. Jigoro Kano adakhazikitsa judo ku Tokyo m'chaka cha 1882. Wophunzira wa sukulu yake, Mitsuyo Maeda, adafika ku Brazil mu 1914, ndipo mwa amene adatola nzeruyo kumeneko mudali Carlos Gracie, amene pamodzi ndi mng'ono wake Hélio adaikulitsa makamaka pa mbali ya kulimbana pansi, nikhala jiu-jitsu ya ku Brazil. Mu 1951, pabwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro, Masahiko Kimura wa ku Japan adapinda mkono wa Hélio, ndipo popeza Hélio adakana kugogoda, Carlos ndiye adamgonjera poponya thaulo. Kagwiridwe kameneko kamatchedwa ndi dzina la Kimura kufikira lero. Panthawi yomweyo kudali kulimbana kwa anthu a m'migodi ya ku Lancashire, kudali sambo ya ku Russia, kudalinso luta livre ya ku Rio komweko, imene anthu ake ankalimbana osavala chijasi chokhuthala cha jiu-jitsu chotchedwa gi, ndipo aliyense wa magulu amenewa ankadzitama kuti njira yake ndiyo yoona.

Mu November 1993, ku Denver, Royce Gracie, munthu wowonda, adagonjetsa amuna akuluakulu pa mpikisano woyamba wa UFC, ndipo mmodzi wa amene adachita nazo chidwi adali mwana wa mfumu, Sheikh Tahnoon bin Zayed Al Nahyan wa ku Abu Dhabi, amene panthawiyo ankaphunzira ku California. Iye adayamba kuphunzira jiu-jitsu kwa Nelson Monteiro, ndipo atabwerera kwawo adatsegula bwalo lotchedwa Abu Dhabi Combat Club, kumene kudachokera zilembo zinayi za ADCC. Tsono mu 1998 adaitana ngwazi za judo, za sambo, za jiu-jitsu ndi za kugwetsana kwa ku Olimpiki kuti zidzayesane, popanda gi ndi popanda nkhonya, pansi pa malamulo amene sadayenera kukondera aliyense. Zaka zinayi zoyamba mpikisanowu unkachitika chaka ndi chaka ku Abu Dhabi; kuyambira 2003 udayamba kuchitika kawirikawiri pa zaka ziwiri zilizonse, nuyendayenda ku São Paulo, Long Beach, Trenton, Barcelona, Nottingham, Beijing, Espoo, Anaheim ndi Las Vegas. Amuna amagawidwa pa sikelo m'magulu asanu, a makilogalamu 66, 77, 88, 99 ndi opitirira 99, gulu lililonse la anthu 16, ena oitanidwa chifukwa cha mbiri yawo, ena opambana mipikisano yosankhira ya m'zigawo za dziko lapansi. Ndipo mwana wa mu Africa amene afuna kulowa pakhomo lachiwirili amaikidwa chigawo chimodzi ndi a ku Ulaya ndi a ku Middle East, nayenera kudzipezera ulendo wa ku Ulaya kumene kusankhako kumachitikira. Pamwamba pa magulu onsewo pali gulu lopanda sikelo, mmene wamng'ono ndi wamkulu alowa pamodzi, ndipo wopambana m'menemo ndiye adzakomana, pa mpikisano wotsatira, ndi iye amene akhala pampando wa nkhondo yapadera ya anthu awiri.

Malamulo ake ndiwo ayenera kuwalingalira mofatsa, chifukwa m'menemo muli nzeru yake ndi chilema chake chomwe. Kulimbana wamba kumatenga mphindi 10, ndipo kwa ndime yomaliza mphindi 20. Theka loyamba la nthawiyo mapointi sawerengedwa, cholinga chake nchakuti munthu ayese njira zoopsa zogonjetsera mnzake osaopa kuti akaphonya ataya kanthu. Theka lachiwiri likayamba, kugwetsa mnzako ndi mapointi 2, kapena 4 ngati wamgwetsa nufikiratu pa malo olamulira. Kudutsa linga la miyendo yake ndi 3, kumkola kumbuyo ndi 3. Ndipo wokhala pansi mwadala, pothawa kugwetsedwa, amachotseredwa pointi. Pa pepala zonsezi nzokoma. Komatu munthu ndi wochenjera kuposa lamulo lomwe adalipanga yekha, ndipo ambiri adaona kuti theka loyambalo lingathe kukhala nthawi yopumula, yongogwiranagwirana m'khosi ali chiimire, kudikira kuti belu la mapointi lilire, agwetse mnzawo kamodzi, nakhale pamenepo kufikira nthawi itatha. Mendulo yopezeka motero ndi yagolide ndithu, sindikana. Koma siilemera chimodzimodzi ndi ya iye amene mnzake adamgogodera. Ena adayesa kuchiza nthendayi pochotseratu mapointi, monga adachitira a Metamoris kuyambira 2012 ndi Eddie Bravo pa mpikisano wake wa EBI kuyambira 2014, koma nakonso kudabuka ochenjera ongodzitchinjiriza kuti nthawi ithe.

Funso la Sheikh lija, lakuti njira yoposa ndi iti, lidayankhidwa msanga ndiponso mwa njira imene palibe adaiyembekeza. Mario Sperry wa jiu-jitsu adatenga gulu lake ndi gulu lopanda sikelo mu 1998. Mark Kerr wa ku America, chiphona cha kugwetsana, adaonetsa mu 1999 ndi 2000 kuti wodziwa kugwetsa ndi kukanikiza angathe kusowetsa pogwira akatswiri a pansi. Royler Gracie adatenga gulu la opepuka katatu motsatizana. Pakutha pa zaka zochepa aliyense adaona kuti mutu umodzi susenza denga: wa jiu-jitsu adapita kukaphunzira kugwetsa, wogwetsa adapita kukaphunzira kupana khosi, ndipo magulu aja amene ankanyozana adasungunukira m'masewera amodzi atsopano.

Chaka chimene masewera atsopanowo adaonekera poyera ndi 2003, ku São Paulo. Kumeneko Eddie Bravo, amene panthawiyo adali asanalandire lamba wakuda, adapana Royler Gracie ndi miyendo pakhosi, Royler nagogoda pamaso pa anthu a kwawo. Koma chachikulu chidali kubwera kwa mnyamata wa zaka 20 wochokera ku Formiga m'chigawo cha Minas Gerais, dzina lake Marcelo Garcia, amene adalephera pa mpikisano wosankhira, nalowa m'malo mwa wina amene sadathe kubwera. Iyeyu adagonjetsa Renzo Gracie, adagoneka tulo Vitor Ribeiro m'nthawi yosakwana mphindi imodzi, natenga gulu la makilogalamu 77, limene adadzalitenganso mu 2005, mu 2007 ndi mu 2011. Kalimbanidwe kake kadali kachilendo m'maso mwa anthu a masiku amenewo, pakuti iye sankadikira, sankapanikiza munthu ndi kulemera kwa thupi, koma ankakoka mkono wa mnzake modutsitsa, nazungulira kumbuyo mofulumira kotero kuti oonerera ankazindikira zimene zachitika khosi litagwidwa kale. Ndipo akakhala pansi ankalowa kunsi kwa miyendo ya mnzake, namnyamula, namgubuduza. Chimene chimandikondweretsa koposa mwa iye nchakuti, atatha kutenga gulu lake, sankakhala pambali kusunga mbiri, koma ankalowa m'gulu lopanda sikelo kukakomana ndi amuna omposa kutalitali kulemera: mu 2005 adagonjetsa Ricco Rodriguez, amene adakhalapo ngwazi ya olemera ku UFC, pomgwira chidendene, mu 2007 adafika pa ndime yomaliza, kumene Robert Drysdale adampana khosi, Garcia nagogoda monga munthu wina aliyense. Sadatengepo gulu lopanda sikelolo, ndipo mu 2009 adaluza ngakhale gulu lake kwa Pablo Popovitch. Koma palibe amene adamuonapo akudikira belu.

M'badwo womwewo mudali Roger Gracie, wamtali, wofatsa, wosadziwa kuthamanga, amene mu 2005 ku Long Beach adalimbana kasanu ndi katatu napambana ulendo uliwonse mnzake atagogoda, womaliza wake ali Ronaldo Souza, pogwiritsa njira zomwe mwana amaphunzira mwezi woyamba. Pambuyo pake padadza André Galvão, amene atatenga gulu la 88 ndi lopanda sikelo ku Nottingham mu 2011, adakhala pampando wa nkhondo yapadera ija kuyambira 2013, nakankha Braulio Estima, Roberto Abreu, Claudio Calasans ndi Felipe Pena, mmodzi pa mpikisano uliwonse.

Pamene Galvão ankalamulira, kusintha kwina kudali kukuphikidwa m'chipinda chapansi cha sukulu ya Renzo Gracie ku New York. Kwa zaka zambiri a jiu-jitsu ankanyoza kugwira miyendo, namakuyesa njira ya anthu osaphunzira, ndipo mipikisano ya bungwe lawo lalikulu la IBJJF inkaletsa kagwiridwe koopsa kotchedwa heel hook, kamene munthu amapana ntchafu ya mnzake ndi miyendo yake, nakola chidendene m'mkono, napotokola, kotero kuti chimene chiduka si chidendenecho koma mitsempha ya m'bondo, kawirikawiri ululu usanachenjeze mwiniwake. ADCC sidakaletsepo, ndipo Dean Lister, amene adatenga gulu lopanda sikelo mu 2003, ankadya nako. John Danaher, munthu wokulira ku New Zealand amene adabwera ku New York kudzaphunzira filosofi pa yunivesite ya Columbia, amasimba kuti Lister ndiye adamfunsa chifukwa chimene munthu angataire theka la thupi la mdani wake. Ndipo Danaher, amene bondo lake lolumala silidamlole kupikisana, adakhala pansi zaka zambiri kusanthula nkhaniyo, naiyala m'dongosolo lakuti mwendo uyambe wamangidwa usanapotokoledwe, monga momwe msana umayambira kukoledwa khosi lisanagwidwe. Ophunzira ake, Eddie Cummings, Garry Tonon ndi Gordon Ryan, adayamba kugonjetsa anthu owaposa zaka ndi malamba, ndipo nzeruyo idafalikira kufikira ku Australia. Mu 2019 ku Anaheim Lachlan Giles, munthu wa gulu la 77, adalowa m'gulu lopanda sikelo nagwira zidendene za ziphona zitatu, Kaynan Duarte, Patrick Gaudio ndi Mahamed Aly, natenga mendulo yachitatu. Pofika 2021 nalo bungwe la IBJJF lidagonja, nilola kagwiridweko kwa akuluakulu a malamba apamwamba polimbana popanda gi.

Za Gordon Ryan nkovuta kulankhula mwachilungamo, chifukwa pakamwa pake padamdanitsa ndi ambiri, ndipo omkonda ndi omuda onse amakuwa. Koma ntchito zake zilipo. Adabadwa ku New Jersey mu 1995. Mu 2017 adatenga gulu la 88 naluza kwa Felipe Pena pa ndime yomaliza ya gulu lopanda sikelo. Mu 2019 adatenga gulu la 99 ndi lopanda sikelo lomwe. Mu 2022 ku Las Vegas adatenga gulu la olemera koposa pogwira chidendene cha Nick Rodriguez, nakhala woyamba kutenga magulu atatu osiyana, ndipo pa mpikisano womwewo adatsitsa Galvão pampando pompana khosi kumbuyo. Mu 2024 adateteza mpandowo kawiri, kwa Pena ndi kwa Yuri Simões, ngakhale matenda a m'mimba adali atamsautsa zaka zambiri. Kalimbanidwe kake nkosiyana ndi ka Garcia monga chigayo chisiyana ndi mphezi, pakuti iye safulumira, koma atseka khomo limodzi, natsekanso lina, kufikira mnzake atatsala ndi njira ziwiri zokha, zonse zopita kumanja kwa Ryan. Amene anena kuti iye ndi mphamvu chabe sadamuonerere bwino.

Akazi adalandiridwa pabwaloli mu 2005, ndipo kwa nthawi yaitali ankapatsidwa magulu awiri okha ndi mphoto yocheperapo, chinthu chimene sichidali choyenera konse. Komabe Kyra Gracie adapambana katatu, Gabi Garcia kanayi, Ffion Davies wa ku Wales adakhala woyamba wa ku Britain kutenga golide mu 2022, ndipo mu 2024 Adele Fornarino wa ku Australia, wa gulu lopepuka la makilogalamu 55, adatenga gulu lake natenganso lopanda sikelo, chimene Marcelo Garcia adachifunafuna osachipeza. Nawo anyamata akubwera msanga kuposa kale, popeza nzeru imene kale munthu ankaiyendera ulendo wa ku Rio tsopano ili pa intaneti: Kade Ruotolo adatenga gulu la 77 mu 2022 ali ndi zaka 19, onse anayi amene adakomana naye atamgogodera.

Tsono pamene khamu lidakula, matikiti nagulidwa zikwizikwi, funso la mphoto lidadzuka. Wopambana gulu lake ankalandira madola 10,000, ndipo wa gulu lopanda sikelo 40,000, pamene woluza pa ndime yoyamba ankabwerera chimanjamanja atakonzekera zaka ziwiri. Craig Jones wa ku Australia, amene adatenga mendulo yachiwiri mu 2019 ndi mu 2022, adakana kupitiriza kupereka mtulo wa thupi lake pa mtengo umenewo, ndipo mu August 2024 adaitanitsa mpikisano wakewake ku Las Vegas komweko, sabata yomweyo, pabwalo la Thomas & Mack pamene ADCC idali ku T-Mobile Arena. Aliyense wolowa adalandira madola 10,001, kuposa ndi dola imodzi mphoto ya ngwazi ya ADCC; opambana magulu awiriwo, Kade Ruotolo ndi Nick Rodriguez, adalandira madola 1 miliyoni aliyense; ndipo zonse zidaonetsedwa kwaulere pa YouTube. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo ngwazi zambiri zidachoka ku ADCC chaka chimenecho, kotero kuti golide wa 2024, ngakhale wa Kaynan Duarte amene adatenga magulu awiri, adapezeka pabwalo limene ena oyenera kukhalapo kudalibe. Ine ndiima ndi Jones pa mfundo yake: wantchito ayenera malipiro ake, makamaka iye amene chida chake cha ntchito ndi mawondo amene sadzabwezeredwanso.

Koma pali chilonda china chimene ndalama sizingachize, ndipo nchimene chimandiwawa mtima koposa, ndicho cha mankhwala okulitsa minofu. ADCC siyeza magazi kapena mkodzo wa opikisana ake. Kumene kuyeza kumachitika, pa mpikisano wa dziko lonse wa IBJJF, ena mwa mayina omwe tawatchula adapezeka ndi mankhwala oletsedwa nalandira chilango, monga Felipe Pena mu 2014 ndi Kaynan Duarte mu 2019. Ndipo Gordon Ryan mwiniwake adavomera poyera kuti adawagwiritsapo ntchito, nati sadaswe lamulo popeza lamulolo palibe. Pa mfundo ya lamulo sanama. Komatu taonani chimene chimachitikira kachizindikiro kaja: pamene munthu agogoda, iye avomera kuti mnzake wamposa nzeru ndi khama, ndipo ngati chimene champosa chidagulidwa m'botolo, kuvomerako kwabedwa, ndipo mnyamata wa zaka 16 amene akuonerera aphunzirapo kuti njira ya kumpando idzera pa jakisoni, mtima ndi chiwindi chake zidzalipire pambuyo.

Chifukwa chake, mukandifunsa kuti wamkulu wa onse ndani, ndidzayankha pawiri. Powerenga mendulo ndi mayina a ogonjetsedwa, palibe wofanana ndi Gordon Ryan, ndipo wokana zimenezi akana chifukwa cha chidani. Koma poyeza ndi muyeso umene ndidayamba nawo, wakuti munthu afunefune kugonjetsa mnzake poyera, pa aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, osabisala m'mapointi, ndi kuti nayenso akagwidwa agogode popanda chowiringula, ndodo ndiipereka kwa Marcelo Garcia, amene atadwala khansa ya m'mimba nachira, adabweranso pamphasa mu January 2025, ali ndi zaka 42, napana khosi Masakazu Imanari. Ndipo kwa eni ake a mabwalo onse awiri, a ADCC ndi a Jones omwe, pempho langa ndi limodzi: lipirani onse olowa pamphasa, ndipo muyeze onse, kuyambira pa iye amene akhala pampando.